Kilt ndi tartan: chovala cha amuna a ku Scotland chinachokera kuti, nanga chimasokedwa bwanji?

Chithunzi cha Mfumu Charles III atavala chovala cholekeza m'maondo chikangotuluka, kapena ochemerera timu ya mpira ya Scotland akadzaza misewu monga anachitira ku Munich mu June 2024, funso pa Facebook limakhala lomwe lija: amuna aakuluakulu, ndevu pepeya, siketi ndi ya chiyani? Ena amangoseka. Ena amayankha kuti ndi chikhalidwe chawo cha makedzana, nkhani n'kuthera pomwepo.

Yankho lachiwirili ndi loona mbali imodzi yokha. M'chovala chimodzichi muli zinthu zitatu zosiyana misinkhu. Luso lowomba nsalu ya mizeremizere ndi lakalekale. Chovala chenichenicho, momwe tikuchionera lero, chili ndi zaka pafupifupi 300. Koma ganizo loti fuko lililonse lili ndi nsalu yakeyake ndi la dzulodzuloli, zaka 200 ndi pang'ono, ndipo analikulitsa ndi amalonda, asilikali, alembi a mabuku ndi mafumu a ku London.

Mawu awiri tiwadziwiretu. Kilt ndi chovala cha amuna chokulunga m'chiuno, chosalala kutsogolo, cha mapindo ambirimbiri kumbuyo. Tartan ndi maonekedwe a nsaluyo: mizere ya mitundu yosiyanasiyana yodutsana m'litali ndi m'lifupi n'kupanga timabokosi. Kilt ikhoza kukhala ya nsalu ya mtundu umodzi, ndipo tartan ikhoza kusokedwa thalauzi, tayi kapena bulangete.

Chovala cha kumapiri, osati cha dziko lonse

Scotland ili ndi zigawo ziwiri zomwe kale zinali ngati mayiko awiri. Kumpoto ndi kumadzulo kuli mapiri ndi zilumba, dera lotchedwa Highlands. Anthu ake ankalankhula chi Gaelic, ankaweta ng'ombe, ndipo ankakhala m'mafuko okhala ndi mafumu awo: a MacDonald, a Campbell, a MacLeod, a Cameron ndi ena. Kummwera ndi kummawa kuli zigwa ndi mizinda monga Edinburgh ndi Glasgow, dera lotchedwa Lowlands. Kilt inali ya anthu a kumapiri. Anthu a m'zigwa ankavala mathalauzi ngati Angerezi, ndipo ambiri ankawaona anzawo a kumapiri ngati anthu osachangamuka, akuba ng'ombe.

N'chifukwa chake David Livingstone timamuona pa zithunzi atavala jekete, thalauzi ndi kapu. Anabadwa m'chaka cha 1813 ku Blantyre, tauni ya mafakitale a thonje kufupi ndi Glasgow, yomwe dzina lake linapatsidwa ku mishoni ya Blantyre kuno kwathu mu 1876. Agogo ake aamuna anachokera ku chilumba cha Ulva kumadzulo, koma iye anakulira m'zigwa.

Momwe timabokosi timapangikira

Tartan yeniyeni saidinda utoto pamwamba. Amayamba anyika ulusi wa ubweya wa nkhosa mu utoto, kenako n'kuwomba. Wowomba amayala ulusi wa m'litali motsatira ndondomeko, mwachitsanzo timaulusi takuda tingapo, tabuluu tingapo, tobiriwira tingapo, n'kubwereza mpaka m'mphepete. Akayamba kupingasa ulusi wa m'lifupi amatsatira ndondomeko yomweyo osaphonya. Chinsinsi chonse chagona pamenepo: zomwe zili m'litali ndi zomwenso zili m'lifupi.

Kawombedwe kake n'kofanana ndi ka lichero. Mukaliyang'anitsitsa lichero muona kuti nsungwi siidutsa pamwamba pa imodzi ndi pansi pa imodzi ayi. Imalumpha zingapo, ndipo yotsatira imayambira patsogolo pang'ono, mwakuti pamaoneka mizere yopendekeka. Mu tartan ulusi umadutsa pamwamba pa timaulusi tiwiri, pansi pa tiwiri, ndipo mzere wotsatira umasuntha ndi kamodzi. Zotsatira zake n'zakuti pamene ulusi wofiira wakumana ndi wofiira unzake pamatuluka bokosi lofiira psuu, pamene wakuda wakumana ndi wakuda pamatuluka lakuda bii, koma pamene wofiira wadutsana ndi wakuda pamakhala timizere topendekeka ta mitundu yonse iwiri, theka ndi theka. Diso likakhala patali limaona ngati mtundu wachitatu. Choncho ulusi wa mitundu 2 umabala maonekedwe 3, ndipo wa mitundu 6 umabala 21.

Ndondomeko imodzi yathunthu ya mizere, isanayambe kubwereza, imatchedwa sett. Owomba amailemba ndi zilembo ndi manambala: R ndi ulusi wofiira, G wobiriwira, Y wachikasu, W woyera, B wabuluu, ndipo wakuda amaulemba K kuti usasokonezeke ndi B. Mzere umodzi wa zilembo zotere ndi wokwanira kuti fakitale iliyonse pa dziko lapansi iwombe nsalu yomweyo. Ma tartan ambiri amawerengedwa kupita kutsogolo kenako n'kubwerera chammbuyo, kotero kuti mbali ya kumanzere ya bokosi imafanana ndi ya kumanja.

Utoto wakale unkachokera ku zomera za komweko, monga ndere za pamiyala ndi maluwa a m'tchire, koma amene anali ndi ndalama ankagula wa kunja: indigo wa mtundu wabuluu, ndi utoto wofiira kwambiri wochokera ku tizilombo ta ku America totchedwa cochineal. Mu 1856 William Perkin anatulukira utoto woyamba wopangidwa ndi mankhwala, ndipo posakhalitsa mafakitale anasiya wa zomera. Pali kamsampha kamodzi kwa ogula: m'masitolo tartan imodzimodzi imagulitsidwa ya "modern", yowala ndi yoderapo, komanso ya "ancient", yofuwirira. Ya "ancient" si yakale kuposa inzake. Ndi utoto wamakono womwewo, angoupepuza kuti uoneke ngati wa zomera.

Zidutswa ziwiri zakale

Umboni wakale kwambiri ndi kansanza komwe kanapezeka ku Falkirk katatseka kukamwa kwa mphika wa ndalama za siliva za Aroma pafupifupi 2,000. Ndi ka m'zaka za m'ma 200 Yesu atabadwa. Kali ndi timabokosi ta ubweya woyererako ndi woderako, wosanyika mu utoto, motero akatswiri ena amati ndi kholo chabe la tartan.

Chidutswa chachiwiri chinafukulidwa m'dambo la matope akuda ku Glen Affric m'zaka za m'ma 1980, ndipo chinangosungidwa. Atachipima mwa sayansi, mu 2023 analengeza kuti ndi cha pakati pa 1500 ndi 1600, ndipo chinali ndi utoto wa mitundu ingapo, kuphatikizapo wobiriwira ndi wabulawuni. Chinaonetsedwa ku nyumba ya zionetsero ya V&A Dundee chaka chomwecho monga tartan yeniyeni yakale kwambiri yopezeka ku Scotland.

Chofunda chomwe chinasanduka chovala

Kholo la kilt linali chinsalu chachikulu chosasoka, chotalika mamita 4 kapena 5. Zowombera za m'midzi zinali zing'onozing'ono, choncho ankalumikiza nsalu ziwiri m'litali kuti chitambalale pafupifupi mita ndi theka. M'chi Gaelic chinkatchedwa féileadh mòr, kutanthauza chokulunga chachikulu. Zolemba za ku Ireland zofotokoza zomwe zinachitika mu 1594 zimanena za asilikali aganyu ochokera ku zilumba za Scotland omwe anamanga malamba pamwamba pa zofunda zawo, ndipo ambiri amati apa ndiye poyamba chovalachi kutchulidwa momveka.

Munthu ankakwinya chinsalucho chapakati, n'kuchimanga ndi lamba m'chiuno. Gawo la pansi linkalekeza m'maondo. Gawo la pamwamba, lomwe linali lalikulu, ankaliponya paphewa n'kulibaya ndi chomangira, kapena kudzifunditsa kumutu mvula ikayamba. Usiku ankamasula lamba, chovala n'kukhala bulangete. Kwa munthu wotsatira ng'ombe m'mapiri a mvula yosatha, wowoloka mitsinje ndi madambo, miyendo yopanda nsalu inali yanzeru: khungu limauma msanga kusiyana ndi thalauzi yonyowa. Olemera okwera pa akavalo ankakonda mathalauzi othina a tartan otchedwa trews. Amayi anali ndi chofunda chawo chofika m'mapazi chotchedwa earasaid, kawirikawiri choyererako.

Nthawi imeneyo munthu ankavala nsalu yomwe wowomba wa m'dera lake ankadziwa kuwomba, ndi yomwe thumba lake linkalola. Zithunzi zojambulidwa m'zaka za m'ma 1700 zimaonetsa mafumu atavala ma tartan awiri kapena atatu osiyana pa thupi limodzi, ndipo abale a fuko limodzi atavala zosafanana. Pa nkhondo ankazindikirana ndi zizindikiro zomwe ankasomeka pa chipewa, osati ndi nsalu.

Kodi anayambitsa ndi Mngerezi?

Kilt ya lero ndi theka la pansi la chinsalu chija, litadulidwa n'kusokedwa. Dzina lake ndi féileadh beag, chokulunga chaching'ono. Funso loti anayamba kudula ndani limakwiyitsa anthu mpaka pano.

Kalata yomwe Ivan Baillie analemba mu 1768, n'kusindikizidwa mu 1785, imati anali Thomas Rawlinson, Mngerezi wa ku Lancashire yemwe ankayendetsa ng'anjo yosungunulira chitsulo ku Invergarry cha m'ma 1720 ndi 1730. Akuti anaona kuti chinsalu chachikulu chikuwasokoneza antchito odula mitengo ndi osonkhezera moto, ndiye analamula kuti gawo la pamwamba lichotsedwe. Katswiri wa mbiri Hugh Trevor-Roper anaitchukitsa nkhaniyi mu 1983. Otsutsa amati kalata imodzi yolembedwa patapita zaka zambiri si umboni wokwanira, amaloza zithunzi zina zakale zomwe amati zikuonetsa kilt yaifupi Rawlinson asanafike, ndipo amafunsa kuti anthu omwe anavala chinsalucho mibadwomibadwo akanalephera bwanji kuganiza okha zosalumikiza nsalu ziwiri zija. Chomwe mbali zonse zimavomereza n'chakuti pofika m'ma 1740 kilt yaying'ono inali itafala, moti lamulo la boma linaitchula ndi dzina.

Zaka 35 za chiletso

Mu 1745 Charles Edward Stuart, mdzukulu wa Mfumu James yemwe anachotsedwa pampando mu 1688, anafika ku Scotland kudzalanda ufumu wa Britain. Ambiri mwa ankhondo ake anali a kumapiri, ndipo ngakhale omutsatira a m'zigwa anavala tartan ngati yunifolomu. Pa 16 April 1746 anagonjetsedwa ku Culloden, kufupi ndi Inverness, pa nkhondo yomwe siinathe ngakhale ola limodzi. Si mafuko onse anali mbali yake. A Campbell ambiri, mwachitsanzo, anamenyera boma.

Boma la ku London linaganiza zothyola msana wa mafuko. Linalanda zida, linachotsa mphamvu za mafumu zoweruza milandu, ndipo linakhazikitsa lamulo la zovala la 1746, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 1747. Mwamuna kapena mnyamata wopezeka atavala chinsalu chachikulu, kilt yaying'ono, trews kapena chikhothi cha tartan ankamangidwa miyezi 6. Akabwereza ankatumizidwa ku minda ya atsamunda kutsidya kwa nyanja zaka 7.

Kawirikawiri mumamva kuti "tartan inaletsedwa", koma lamulolo silinatero ndendende. Silinakhudze amayi, silinaletse kuwomba nsaluyo, ndipo linasiya khomo limodzi lotsegula: asilikali a mfumu ankaloledwa kuvala. Khomo limeneli ndi lomwe linapulumutsa kilt. Gulu la asilikali la Black Watch, lomwe linayamba ngati timagulu tolondera kumapiri mu 1725 n'kukhala gulu lathunthu mu 1739, linkavala tartan yoderako ya buluu, yobiriwira ndi yakuda. Magulu ena a kumapiri anatsatira, n'kukamenya nkhondo ku North America, ku India ndi ku Waterloo mu 1815. Chovala chomwe chinali chizindikiro cha oukira boma chinasanduka chizindikiro cha asilikali olimba mtima a boma lomwelo. Ankhondo ndi amenenso anazolowetsa kuti anthu ambiri avale nsalu imodzi yofanana, yokhala ndi dzina.

Lamulo linachotsedwa mu 1782, atalimbikira a bungwe la Highland Society of London, lomwe linali la anthu olemera ochokera kumapiri okhala ku likulu. Koma mbadwo wathunthu unali utakula ndi mathalauzi, ndipo alimi wamba ambiri sanabwererenso ku chovala cha agogo awo. Amene anachitola anali mabwana.

Momwe mafuko anapezera nsalu zawo

Apa ndi pomwe nkhani imakoma. Kampani ya William Wilson and Sons ya ku Bannockburn, tauni ya m'zigwa, inali yaikulu pa owomba tartan kuyambira cha m'ma 1760. Inkagulitsa kwa asilikali, kwa anthu wamba, ndi kunja, kuphatikizapo ku minda ya ku West Indies komwe nsalu zina zinkavekedwa akapolo. M'buku lake la zitsanzo la 1819 nsalu zambiri zinali ndi manambala chabe, zina mayina a matauni, zina mayina ongokometsera malonda.

Mu 1815 bungwe la ku London lija linalembera mafumu a mafuko kuti aliyense atumize chidutswa cha tartan ya fuko lake, atachitsimikiza ndi chidindo. Mafumu angapo anasowa chotumiza chifukwa sankadziwa kuti fuko lawo lili ndi nsalu. Ena anafunsa nkhalamba za m'dera, ena anangolembera amalonda kuti awasankhire. Motero nsalu yomwe dzulo inali nambala m'buku la fakitale, lero inali ndi dzina la fuko ndi chidindo cha mfumu.

Kenako kunabwera chaka cha 1822. Mfumu George IV anapita ku Edinburgh mu August, ndipo anali mfumu yolamulira yoyamba kuponda ku Scotland kuchokera nthawi ya Charles II, zaka zoposa 170 m'mbuyomo. Wokonza mwambo anali mlembi wotchuka Sir Walter Scott, munthu wa m'zigwa wokonda nkhani za kumapiri. Anapempha mafumu kuti abwere ndi anthu awo atavala zakwawo, ndipo pa dansi yaikulu amuna anauzidwa kuti abwere ndi kilt kapena yunifolomu. Mabwana a mu Edinburgh omwe makolo awo ankanyoza chovalachi anathamangira kwa atelala. Mfumu mwini anavala zovala za kumapiri za ndalama zoposa mapaundi 1,300. Anali munthu wonenepa, kilt inamufupikira, ndipo mkati anavala zothina za pinki zobisa miyendo. Ojambula zoseketsa anadya naye bwino, koma David Wilkie pojambula chithunzi cha ulemu anazisiya za pinkizo. Chingakhale chinasekedwa, chochitikachi ndi chomwe chinasandutsa chovala cha chigawo chimodzi kukhala cha dziko lonse.

Msika utatseguka chonchi, akathyali sakanalephera kubwera. Abale awiri a banja la Allen, omwe anakulira kunja kwa Scotland, anadzitcha John Sobieski Stuart ndi Charles Edward Stuart, n'kumanena kuti ndi adzukulu a kalonga wogonja ku Culloden uja. Mu 1842 anatulutsa buku la Vestiarium Scoticum, lomwe ankati analikopera ku zolemba zakalekale zosonyeza tartan ya fuko lililonse, ngakhale mabanja a m'zigwa omwe sanavalepo kilt. Walter Scott anali atakayikira kale zolembazo asanamwalire, ndipo lero akatswiri amagwirizana kuti zinali zopeka. Komabe nsalu zambiri za m'bukulo zinalandiridwa, ndipo mabanja akuzivala mpaka lero monga zawozawo.

Mfumukazi Victoria ndi mwamuna wake Albert anamaliza ntchito. Anagula nyumba ya Balmoral kumapiri a Scotland mu 1852, n'kudzaza nyumbayo ndi makapeti ndi makatani a tartan, ndipo Albert anakonza tartan yotuwa ya Balmoral yomwe mpaka pano amavala a banja lachifumu ndi woimba chitoliro wa mfumu basi.

Pali mbali ina yosasangalatsa yomwe siyenera kudumphidwa. Zaka zomwe olemera ankavina atavala kilt mu Edinburgh ndi zomwezo eni malo ankasamutsa mabanja a kumapiri m'midzi yawo kuti aikemo nkhosa, monga zinachitikira ku Sutherland m'zaka za m'ma 1810. Ambiri anakwera zombo kupita ku Canada, America, Australia ndi New Zealand. Zidzukulu zawo ndi zomwe lero zili pakati pa ogula tartan okhulupirika kwambiri.

Pa tebulo la telala

Kilt yathunthu ya mwamuna wamkulu imadya nsalu mayadi 8, omwe ndi mamita 7 ndi pang'ono, ya m'lifupi pafupifupi masentimita 70. Mafakitale ambiri lero amawomba nsalu yotambalala kawiri, ndiye telala amagula mayadi 4, n'kuing'amba pakati m'litali, n'kulumikiza zidutswazo msoko n'kuubisa mkati mwa pindo. Nsalu imagulitsidwa potengera kulemera: ya maaunzi 16 pa yadi ndi yolemera, ya 13 ndi yapakati, ya 10 kapena 11 ndi yopepuka. Kilt ya nsalu yolemera imafika pafupifupi makilogalamu 2. Ma kilt a asilikali a m'ma 1790 omwe adakalipo anali a mayadi osapitirira 4. Nsalu inachuluka pang'onopang'ono m'zaka za m'ma 1800.

Miyeso yofunika ndi itatu: m'chiuno cha pa mchombo, chifukwa kilt imavalidwa m'mwamba kuposa thalauzi, m'matako pomwe pali potambalala kwambiri, ndi kutalika kufika pa bondo. Kunsi sapinda mpendero. M'mphepete mwa nsalu momwe inathera pa chowombera ndi momwe mumakhala kunsi kwa chovala, choncho fakitale yabwino imadziwika ndi mphepete yosalala. Kutalika kukachuluka amadula kumwamba.

Mbali ziwiri za kumapeto kwa nsalu zimasiyidwa zosapinda. Izi ndi zomwe zimasanjikizana kutsogolo. Zonse za pakati zimapindidwa, mapindo 25 mpaka 30 kapena kuposerapo, onse oloza mbali imodzi. Pindo lililonse limaonetsa kunja kachigawo ka masentimita awiri kapena atatu okha, n'kubisa mkati nsalu yotalika ngati chikhatho ndi zala zake. Nsalu yobisikayi ndi yomwe imapatsa kilt kulemera ndi kugwedezeka kuja munthu akamayenda.

Telala asanabaye singano amakhala pansi ndi choko, tepi ndi pepala, chifukwa pali masamu. Njira yoyamba ndi kupinda motsata sett: pindo lililonse lionetse kachigawo kotsatira ka ndondomeko, kuti onse akagona pamodzi timabokosi tioneke kumbuyo monga tilili kutsogolo, ngati nsalu sinapindidwe n'komwe. Njira yachiwiri, yomwe asilikali amaikonda, ndi kupinda motsata mzere: amasankha mzere umodzi, tinene wachikasu, n'kuukhazika pakati pa pindo lililonse. Kumbuyo kumaoneka mizere yoimirira yokhayokha, ndipo mitundu yobisika imangothwanima munthu akatembenuka. Nsalu imodzi ikhoza kutulutsa zovala ziwiri zosafanana konse potengera chisankho chimenechi.

Povuta kwambiri ndi pakati pa chiuno ndi matako. Chiuno n'chocheperapo, koma kilt ilibe misoko ya m'mbali yoti n'kuchepetsera. Kusiyanako kumagawidwa pa mapindo onse. Ngati kumbuyo kukusiyana ndi masentimita 9 ndipo mapindo alipo 30, pindo lililonse lichepe ndi mamilimita 3 pokwera, mzere wa pakati osapendekeka, mizere yopingasa ikukumana ndi ya pindo loyandikana nalo. Chigawo chimenechi chimasokedwa ndi manja, timisoko ting'onoting'ono tobisika mu ulusi wa nsalu. Telala akaphonya ndi kaulusi kamodzi pa pindo lililonse, pofika kumapeto bokosi limakhala litakhota moonekera patali.

Akamaliza amatembenuza chovala n'kudula nsalu yochuluka ya mkati mwa mapindo pa chigawo chosokedwacho, kuti m'chiuno musatukuke. Apa palibe kubwerera m'mbuyo. Kenako amasokerera chinsalu cholimba chogwira kulemera konse, kuti ubweya usatamuke, n'kuphimba ndi nsalu yofewa ya mkati. Amaika malamba achikopa ndi zomangira zake, awiri kapena atatu. Pomaliza amagwiriza mapindo ndi ulusi woyera wongoyembekezera, n'kusita ndi simbi yolemera ndi nthunzi pa nsalu yonyowa mpaka mphepete zitakhala zakuthwa. Ulusi woyerawo mwini amauchotsa yekha chovala chikafika. Ntchito yonse imatenga masiku angapo, ndipo kilt yosokedwa bwino imatha kuchoka kwa bambo kupita kwa mwana.

Zotsagana nazo

Kilt ilibe matumba, choncho kutsogolo kumalendewera kachikwama kachikopa kapena kaubweya kotchedwa sporran. Kulemera kwake kumathandizanso kuti mphepo isachite chipongwe. Pini yokongoletsa imabayidwa pa nsalu ya pamwamba yokha. Mukabaya zonse ziwiri chovala chimakokeka ndipo chimang'ambika. Masokosi ndi aatali ofika pansi pa bondo, ndipo m'sokosi imodzi amasomekamo kampeni kotchedwa sgian-dubh. Malamulo a ku Britain oletsa kuyenda ndi mipeni amapereka mpata kwa munthu amene wavala ngati gawo la chovala cha chikhalidwe cha dziko lake, koma m'ndege salola, ndipo ambiri amangovala koyerekeza kopanda mpeni.

Funso lija aliyense amafuna kufunsa, loti mkati amavala chiyani: mwambo wa asilikali akale unali wosavala kanthu, ndipo nthabwala zake sizitha. Lero ndi nkhani ya mwini, kupatula ovina ndi ochita masewero a mphamvu, omwe amayenera kuvala, komanso obwereka ku sitolo, omwe eni katundu amawapempha kutero pa zifukwa zaukhondo.

Ndani ali ndi ufulu wovala?

Palibe lamulo loletsa munthu kuvala tartan ya fuko lomwe si lake. Ndi nkhani ya ulemu chabe. Ambiri amasankha ya dzina la bambo kapena la mayi, ena ya dera lomwe amakhala, ya sukulu kapena ya timu. Black Watch ndi Royal Stewart, yofiira yotchuka ija, zimatengedwa ngati za aliyense. Mlendo woitanidwa ku ukwati ku Glasgow akhoza kubwereka kilt popanda womudzudzula, ndipo eni dziko ambiri nawonso amachita kubwereka, chifukwa si chovala cha tsiku ndi tsiku. Chimatuluka pa ukwati, pa mwambo womaliza maphunziro, pa madansi, pa masewero a kumapiri monga a ku Braemar, ndi pa mpira. Asilikali anasiya kupita nacho ku nkhondo kumayambiriro kwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, koma gulu la Royal Regiment of Scotland, lomwe linapangidwa mu 2006, limachivalabe pa perete.

Nsalu zatsopano zikubadwabe. Nyumba ya malamulo ya Scotland inakhazikitsa lamulo mu 2008 lotsegula kaundula wa boma, Scottish Register of Tartans, yemwe anayamba ntchito mu February 2009 ndipo amasungidwa ndi National Records of Scotland. Munthu wa dziko lililonse akhoza kulembetsa tartan yake, bola ikhale yosiyana ndi zomwe zilipo kale, apereke ndondomeko ya ulusi, ndipo asonyeze kuti ali ndi chilolezo chogwiritsa ntchito dzina lomwe waipatsa. Muli masauzande a nsalu: za mabanja, makampani, mayunivesite, mizinda ndi zigawo za mayiko ena. Chigawo cha Nova Scotia ku Canada chili ndi yake yomwe inakonzedwa mu 1953. Ya Mfumu Charles III inatuluka mu 2023. Kulembetsa sikupatsa munthu umwini wa lamulo pa nsaluyo; kumangosunga mbiri yoti inakonzedwa liti, ndi ndani.

Mkangano womwe uli moto lero ndi wa malonda. M'masitolo a alendo mu msewu wa Royal Mile ku Edinburgh mwadzaza ma kilt otchipa a ulusi wa pulasitiki, osokedwa pa makina kunja, ambiri ku Pakistan. Mafakitale owomba ubweya monga Lochcarron ku Selkirk ndi atelala osoka ndi manja amadandaula kuti zimenezi zikupha luso ndi kusokoneza ogula, ndipo ena akhala akupempha kuti dzina loti kilt ya ku Scotland litetezedwe ndi lamulo. Ogulitsa zotchipa amayankha kuti mnyamata wopita ku mpira sangatulutse mapaundi mazanamazana pa chovala chomwe akachithira mowa, ndipo kuti amene wayamba ndi yotchipa ndi amene mawa amadzagula yeniyeni. Mu 2021 bungwe la Heritage Crafts la ku Britain linaika kusoka kilt ndi manja pa mndandanda wa maluso omwe ali pa chiopsezo, chifukwa odziwa ntchitoyi ndi ochepa, ambiri ndi achikulire, ndipo achinyamata ophunzira sakukwanira kulowa m'malo mwawo.